Maketoni a m'magazi: zimene lipoti la 2024 lakonza ndi zimene lasiya m'mbuyo

M'mawodi ogonekamo odwala matenda a shuga mumachitika chinthu chimene chimazunguza anamwino ambiri. Wodwala amene anafika usiku akupuma mwabefu, akusanza, kukamwa kutauma gwa, wakhala pa dripi ndi insulini kwa maola 8. M'mawa watsegula maso, akuyankhula bwinobwino, akupempha phala. Koma kapepala koyezera mkodzo kakaviikidwa, kakuderapo kuposa mmene kanalili dzulo. Woyang'ana kapepala kokhako angaganize kuti mankhwala alephera. Zoona zake n'zakuti wodwalayo akuchira, ndipo kapepalako kakuyeza chinthu china, osati chimene chinatsala pang'ono kumupha.

Chisokonezo chimenechi ndi chimodzi mwa zinthu zimene lipoti la akatswiri lofalitsidwa mu 2024 m'magazini a Diabetes Care ndi Diabetologia linafuna kuthetsa. Lipotili linalembedwa ndi gulu lotsogoleredwa ndi Guillermo Umpierrez wa pa yunivesite ya Emory ku Atlanta, m'dzina la mabungwe 5 a ku America ndi ku Ulaya, kuphatikizapo American Diabetes Association, European Association for the Study of Diabetes ndi Joint British Diabetes Societies. Likunena za vuto ladzidzidzi lotchedwa diabetic ketoacidosis, limene azachipatala amalifupikitsa kuti DKA, mwa akuluakulu. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti matendawa azizindikiridwa ndi kutsatiridwa poyeza beta-hydroxybutyrate m'magazi. Pa sayansi, mfundoyi ndi yolondola. Funso ndi lakuti kodi ikuthandiza bwanji wazaumoyo amene ali ndi kamakina koyezera shuga ndi botolo la timapepala ta mkodzo basi.

Chimene chikuyezedwa

Thupi limasunga mphamvu zambiri m'mafuta. Insulini akakhala wokwanira, mafutawo amakhala otsekeredwa m'nkhokwe zawo. Insulini akachepa, kaya chifukwa cha njala kapena chifukwa kapamba walephera kumupanga, nkhokwezo zimatseguka ndipo tizigawo ta mafuta totchedwa fatty acids timathamangira kuchiwindi. Chiwindi chimatiphwanya n'kupanga maketoni a mitundu itatu: acetoacetate, beta-hydroxybutyrate ndi acetone. Awiri oyambawo ndi chakudya chenicheni cha ubongo, mtima ndi minofu. Mu 1967 Oliver Owen ndi George Cahill ku Boston anaonetsa kuti munthu akasala kudya kwa milungu ingapo, ubongo wake umapeza gawo lalikulu la mphamvu kuchokera ku maketoni. Acetone amatuluka ndi mpweya, ndipo ndiye amabweretsa fungo longa la zipatso zopsa kwambiri m'kamwa mwa wodwala.

Choncho maketoni si poizoni. Ndi chizindikiro chakuti thupi likuwotcha mafuta. Mwa munthu wathanzi amene wadya, beta-hydroxybutyrate amakhala pansi pa 0.6 mmol/L. Vuto limayamba pamene insulini wasoweratu, chifukwa pamenepo palibenso chimene chingauze nkhokwe za mafuta kuti zitseke. Maketoni amachuluka msanga kuposa mmene thupi lingawagwiritsire ntchito, ndipo popeza ndi asidi, magazi amayamba kuwawasa. Thupi limayesa kutulutsa asidiyo popuma mozama ndi mofulumira, kupuma kumene Adolf Kussmaul anakufotokoza mu 1874. Nthawi yomweyo shuga wochuluka amakoka madzi ndi mchere kupita nazo mu mkodzo, wodwala n'kuuma.

Timapepala ta mkodzo timagwira ntchito ndi mankhwala otchedwa nitroprusside, njira imene Arthur Rothera anaifotokoza mu 1908. Mankhwalawa amaona acetoacetate koma saona beta-hydroxybutyrate n'komwe. Mwa munthu wabwinobwino mitundu iwiriyi imakhala yofananako kuchuluka kwake. Pa DKA, beta-hydroxybutyrate amachuluka katatu, mwinanso mpaka kakhumi, kuposa mnzakeyo. Ndiye kuti wodwala akafika ali kayakaya, kapepala kamaona gawo laling'ono la vutolo. Insulini akayamba kugwira ntchito, beta-hydroxybutyrate amasandukanso acetoacetate asanathe, ndipo kapepala kamaderapo pamene wodwala akupeza bwino. Kuwonjezera apo, mkodzo umasonyeza zimene zinali m'magazi maola apitawo, ndipo munthu wouma kwambiri akhoza kutha nthawi yaitali osakodza. Timapepala tokhalitsa m'botolo lotsegula kapena vitamini C wambiri zingachititse kuti maketoni asaoneke, pomwe mankhwala a BP otchedwa captopril angachititse kuti aoneke ngati alipo pamene palibe.

Zimene lipotili lakonza

Lipoti la 2024 likuti DKA ili ndi miyendo itatu, ndipo yonse iyenera kupezeka. Woyamba ndi shuga wa 200 mg/dL, kapena kuti 11.1 mmol/L, kupita m'mwamba, kapenanso kungodziwika kuti munthuyo ali ndi matenda a shuga. Wachiwiri ndi beta-hydroxybutyrate wa 3.0 mmol/L kupita m'mwamba, kapena maketoni a mu mkodzo a 2+ kupita m'mwamba. Wachitatu ndi asidi m'magazi: pH yosafika 7.30 kapena bicarbonate wosafika 18 mmol/L.

Poyerekeza ndi lipoti la American Diabetes Association la 2009, pali zinthu zitatu zimene zakonzedwa bwino. Choyamba, kale pankafunika shuga woposa 250 mg/dL. Malire amenewo ankasiya kunja odwala amene asidi wawakwera koma shuga sanakwere kwambiri: amayi oyembekezera, anthu amene akhala masiku osadya, amene anadzibaya insulini pang'ono asananyamuke kupita kuchipatala, ndi amene amamwa mankhwala a gulu la SGLT2 monga empagliflozin ndi dapagliflozin. Mankhwala amenewa amatayitsa shuga mu mkodzo, motero kamakina kamaonetsa nambala yosaopsa pamene maketoni akukwera. Bungwe la FDA ku America linachenjeza za vutoli mu May 2015, ndipo mu 2021 bungwe la World Health Organization linaika mankhwalawa pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira. Pamene akufalikira, wazaumoyo amene amadalira shuga yekha adzaphonya odwala ambiri. Kunena kuti mbiri ya matenda a shuga ndi yokwanira, ngakhale nambala ikhale yotsika, ndi kusintha kumene kungapulumutse miyoyo popanda kugula chida chilichonse.

Chachiwiri, lipotili laika nambala yeniyeni pa maketoni, m'malo mongonena kuti alipo kapena palibe. Nambala imathandiza namwino wa usiku ndi wa masana kumvana, ndipo imaonetsa ngati chithandizo chikuyenda. Malangizo a ku Britain, amene anayamba kale kuyendera njirayi, amayembekezera kuti maketoni azitsika ndi 0.5 mmol/L pa ola lililonse. Akapanda kutsika, ndiye kuti payenera kufufuzidwa ngati dripi ikuyenda, ngati insulini ndi wabwino, kapena ngati mlingo wake ukuperewera.

Chachitatu, lafotokoza momveka kuti DKA yatha liti: shuga pansi pa 200 mg/dL, beta-hydroxybutyrate pansi pa 0.6 mmol/L, ndi pH ya 7.3 kapena bicarbonate wa 18 mmol/L kupita m'mwamba. Likuletsanso kugwiritsa ntchito mkodzo poweruza kuchira. Apa pali phunziro limene limaphonyedwa kawirikawiri: shuga amatsika msanga kuposa maketoni. Woimitsa insulini chifukwa shuga wafika pabwino amabwezera wodwala m'dzenje. Chofunika ndi kuwonjezera dextrose mu dripi shuga akatsika pansi pa 250 mg/dL, insulini n'kumapitirira mpaka maketoni atatha.

Pamene likutsimphina

Chofooka choyamba chili pa mwendo wachitatu. Kuti munthu atsatire lipotili monga linalembedwera, ayenera kuyeza pH kapena bicarbonate. Zimenezi zimafuna makina a blood gas kapena labotale yokhala ndi mankhwala oyezera okwanira ndi magetsi odalirika. Chipatala chaching'ono cha kumudzi chilibe zimenezi, ndipo ngakhale pa zipatala zazikulu za m'maboma kuyezaku sikupezeka nthawi zonse. Olemba lipotili anachotsa anion gap pa mfundo zazikulu zozindikirira matendawa, n'kunena kuti ingathandizebe kumalo kumene maketoni sangayezedwe. Koma kuwerengera anion gap kumafuna sodium, chloride ndi bicarbonate. Malo amene alibe kamakina ka m'manja koyezera maketoni sangakhale ndi labotale yoyeza zitatu zimenezi usiku. Njira imene yaperekedwa kwa osauka ndi yodula kuposa imene ikulowedwa m'malo.

Chofooka chachiwiri chikuchokera pa choyambacho. Kumene mwendo wa asidi sungayezedwe, pamatsala miyendo iwiri, ndipo nambala ya 3.0 imayamba kusenza katundu amene si wake. Beta-hydroxybutyrate amangonena kuti thupi likuwotcha mafuta kwambiri, sanena chifukwa chake. Munthu amene wasala kudya kwa masiku ambiri akhoza kupitirira 3.0 mmol/L magazi ake osawawasa moopsa, chifukwa insulini wochepa amene ali naye amaletsa zinthu kufika poipa. Mayi woyembekezera amene akusanza mosalekeza amakwera maketoni msanga. Bambo amene wakhala masiku atatu pa kachasu osadya, kenako n'kuyamba kusanza, akhoza kukhala ndi maketoni ambiri ndi asidi wambiri, shuga ali bwinobwino kapena wotsika. Ameneyu amafunika thiamine ndi dripi yokhala ndi shuga, ndipo insulini wosayenera akhoza kumugwetsera shuga pansi n'kumupha. Lipotili limatchula matenda ofanana ndi DKA amenewa m'kati mwake. Koma chimene chimajambulidwa n'kumatidwa pakhoma la wodi ndi tebulo la manambala, osati ndime zochenjeza. Kumadera kumene njala, mimba ndi mowa wotcheza pakhomo zimakumana ndi matenda a shuga tsiku ndi tsiku, chenjezoli linayenera kukhala pa tebulo pomwepo.

Chofooka chachitatu chikukhudza kugawa odwala m'magulu. Lipotili likuti maketoni a pakati pa 3.0 ndi 6.0 mmol/L ndi a DKA yocheperako kapena yapakatikati, ndipo opitirira 6.0 ndi a DKA yoopsa. Koma timakina ta m'manja timayeza molondola pa nambala zotsika. Nambala ikapitirira 5 mmol/L, zotsatira zake zimayamba kusiyana ndi za labotale, ndipo timakina tambiri timalekezera pa 8.0. Malire a 6.0 akugwera pamalo pamene chidacho sichidalirika kwenikweni. Komanso magazi a pa chala mwa munthu wouma, wozizira manja, amene BP yake yatsika, sasonyeza bwino zimene zili m'mitsempha ikuluikulu. Wodwala amene akubwebweta kapena wakomoka ndi wodwala kwambiri, kaya kamakina kanene 4.8 kapena 6.3. Lipotili linasunga mkhalidwe wa maganizo a wodwala monga chimodzi mwa zoyezera kukula kwa vutolo, ndipo kwa wazaumoyo wa kumudzi chimenecho ndicho chodalirika kuposa zonse.

Chofooka chachinayi ndi chakuti lipotili latseka khomo limodzi osatsegula lina. Mkodzo ukuloledwa pozindikira matenda koma ukuletsedwa poweruza kuchira. Anion gap nayo siidalirika pa kuchira, chifukwa dripi ya saline yambiri imakweza chloride n'kusiya mtundu wina wa asidi m'magazi. Zifukwa zonsezi ndi zoona. Koma namwino amene alibe kamakina ka maketoni ndiponso alibe bicarbonate watsala wopanda muyeso uliwonse wovomerezeka womuuza nthawi yochotsa wodwala pa dripi. Mosapeneka adzadalira maso ake: kupuma kwabwerera mwakale, kusanza kwaleka, wodwala akudya ndi kumwa. Lipoti lolembedwa m'dzina la mabungwe akuluakulu chotere likanathandiza kwambiri likanaika dongosolo lachiwiri la malo opanda zida, ngakhale litanena poyera kuti umboni wake ndi wochepa.

Chachisanu, kuzindikira msanga si kuchiza. Insulini amalowetsa potaziyamu m'maselo, ndipo potaziyamu akatsika kwambiri m'magazi mtima umasokonekera mpaka kuima. N'chifukwa chake lipotili likuti insulini ayambe wadikira ngati potaziyamu ali pansi pa 3.5 mmol/L. Kamakina ka maketoni sikayeza potaziyamu. Chipatala chimene chagula kamakinaka koma chilibe njira yoyezera potaziyamu kapena yomubwezera m'thupi chapeza liwiro loyambira mankhwala popanda chitetezo chake.

Zofooka zonsezi zili ndi muzu umodzi. Umboni wambiri umene lipotili laimapo ndi wochokera kumaiko kumene imfa za DKA m'chipatala zili pafupifupi 1 pa odwala 100 aliwonse kapena kucheperapo. Kafukufuku wa pa chipatala cha Kenyatta ku Nairobi wofalitsidwa mu 2005 anapeza kuti pafupifupi odwala 3 mwa 10 aliwonse a DKA anamwalira. Kusiyana kotereku sikubwera chifukwa cha mtundu wa kapepala koyezera. Kumabwera chifukwa chofika mochedwa, kusowa kwa insulini, matenda ena monga chibayo, malungo ndi TB amene amayambitsa vutolo, ndi kuchepa kwa anthu oyang'anira wodwala ola ndi ola. Tiyeneranso kukumbukira, monga akatswiri a ana amanenera, kuti lipotili ndi la akuluakulu. Ana ali ndi malangizo awoawo a bungwe la ISPAD a 2022, amene amagwiritsanso ntchito malire a 3.0 mmol/L koma amasamala kwambiri za kaperekedwe ka madzi ndi kutupa kwa ubongo.

Tanthauzo lake pa ntchito

Ngakhale pali zofooka zimenezi, kutaya lipotili kungakhale kulakwitsa. Mu August 2022 nduna za zaumoyo za m'chigawo cha Africa cha World Health Organization, pa msonkhano wawo ku Lomé m'dziko la Togo, zinavomereza ndondomeko ya PEN-Plus, imene cholinga chake ndi kufikitsa chithandizo cha matenda aakulu osapatsirana, kuphatikizapo shuga wa mtundu woyamba, pa zipatala za m'maboma. Boma la Neno linali limodzi mwa malo oyamba kuyesa njirayi m'Malawi. Makiliniki otere ndiwo malo oyenera kuyambirapo kuyeza maketoni a m'magazi. Timapepala take ndi todula kuposa ta shuga ndipo timatha mphamvu, choncho si nzeru kutimwaza paliponse. Ndi bwino kutisungira anthu amene yankho lake lingasinthe chochita: wodwala shuga aliyense amene akusanza, akumva m'mimba kupweteka kapena akupuma mozama, mayi woyembekezera wa shuga amene wadwala, munthu womwa mankhwala a SGLT2 amene sakupeza bwino, ndi wodwala DKA amene ali pa dripi.

Kumene kamakina kalipo, manambala ake amawerengedwa motere. Pansi pa 0.6 palibe vuto la maketoni. Kuyambira 0.6 mpaka 1.5 maketoni ayamba kukwera, ndipo wodwala amwe madzi, asadumphe insulini, ayezedwenso pakatha maola awiri. Kuyambira 1.6 mpaka 2.9 ngozi ili pafupi ndipo afunika kuonedwa ndi dokotala tsiku lomwelo. Kuyambira 3.0 ndi vuto ladzidzidzi.

Kumene kuli timapepala ta mkodzo tokha, tikadali ndi ntchito, malinga ngati malire ake akudziwika. Maketoni a 2+ mwa wodwala shuga amene akuoneka wodwalika ndi chifukwa chokwanira chomuika dripi ya saline ndi kumutumiza msanga kuchipatala chachikulu, motsatira malangizo a Unduna wa Zaumoyo. Kapepala koonetsa maketoni ochepa sikachotsa nkhawa ngati munthuyo akupuma mozama. Kapepala kamene kakuderabe pa tsiku lachiwiri si umboni wakuti mankhwala alephera. Botolo lizikhala lotsekedwa, ndipo tsiku limene linatsegulidwa lizilembedwa.

Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka m'midzi sayeza maketoni, komabe gawo lawo ndi limene lingachepetse imfa kwambiri, chifukwa DKA imayambira kunyumba. Ambiri odwala shuga wa mtundu woyamba amaganiza kuti akadwala n'kulephera kudya, kapena ufa ukatha m'nyumba m'miyezi ya njala, ayenera kusiya kudzibaya. Maganizowa ndi omveka, chifukwa anaphunzitsidwa kuopa kutsika kwa shuga. Koma thupi limafuna insulini ngakhale m'mimba mulibe kanthu, ndipo matenda monga malungo amawonjezera kufunikako. Mlingo ukhoza kusinthidwa ndi wachipatala, koma kusiyiratu ndiko kutsegula nkhokwe za mafuta. Mlangizi amene wapeza wachinyamata woonda mwadzidzidzi, womwa madzi kosalekeza, wokodza pafupipafupi usiku, amene tsopano akusanza ndi kupuma mozama, asadikire kuti kuche. Kupuma koteroko nthawi zambiri kumatengedwa ngati chibayo kapena mphumu, ndipo kuyeza shuga pa chala, kumene kumatenga mphindi imodzi, kumaiwalika.

Lipoti la 2024 layankha bwino funso lakuti chiyenera kuyezedwa n'chiyani. Beta-hydroxybutyrate ndiye ketoni amene amachuluka pa DKA, amaoneka m'magazi nthawi yomweyo, ndipo amatsika wodwala akamachira. Funso limene lasiyidwa ndi la chochita pamene miyeso iwiri mwa itatu palibe. Funso limenelo silidzayankhidwa ku Atlanta kapena ku London. Likufuna kafukufuku wa m'zipatala za m'maboma, woyerekeza maketoni a pa chala, timapepala ta mkodzo, kuwerenga kapumidwe ndi mkhalidwe wa wodwala ndi zimene zimamuchitikira pamapeto pake. Pakadali pano, nambala ya 3.0 iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mbiri ya wodwala: anadya liti, anadzibaya liti, wamwa chiyani, ali ndi pakati kapena ayi.